Mutu wa Malume Sukukwana pa TV

Lolemba

Zoyenera kukonzedwa china chilichonse chisanachitike:

1. Malume aoneke pa TV Loweruka, pa chinkhoswe cha mlongo wanga Esinati.
2. Aoneke athunthu.
3. Amveke.
4. Msoti wopereka kwa akuchimuna upezeke, wonenepa.
5. Ine ndisayankhule pagulu. Iyi ndiye yaikulu, ngakhale ndaiika kumapeto.

Ndilembe mmene nkhani ilili, mwina mtima ukhala pansi. Malume ali ku Nkhotakota, mwendo uli mu pulasitala, sangawoloke nyanja kubwera kutsidya kuno, kumene anthu amayankhula Chiswahili. Akuchimuna, abale a Danieli, bwenzi la Esinati, a ku Kihagara, avomera kuchita mwambo mwachikwathu. Anabwera kale mwezi watha, anapeza wamkulu palibe, anabwerera. Mshenga wawo, ndiye kuti nkhoswe m'kayankhulidwe ka kuno, anandiuza mwaulemu wonse: "Shemeji, mlamu wathu, tibweranso kamodzi. Kachitatu ayi." Esinati sanadye tsiku limenelo.

Ndinati malume ayankhule pa foni. Mshenga: "Za ukwati sitikambirana ndi munthu wokwana m'thumba la malaya." Malume nawo: "Ine ndigwiridwe m'manja ngati sopo?" Ndiye ndinalonjeza, ndi pakamwa pangapa, kuti malume adzakhala pampando, pa TV, aakulu ngati munthu.

Laputopu ndabwereka kuntchito. Waya wa HDMI ndagula. Ndalumikiza. TV ikuti "No Signal", kabokosi kake kakungoyendayenda pagalasi ngati kakufuna potulukira. Ndazula waya, ndauzira, ndalowetsanso. Ndauziranso kachiwiri, ngakhale ndikudziwa bwino lomwe kuti kuuzira si sayansi.

Amake Pemphero, mkazi wanga, akudutsa ndi beseni: "Chitani zanuzo, bola musandisokonezere sewero langa la madzulo."

Ndapeza! Kumbuyo kwa TV kuli mabowo awiri ofanana. Waya uli pa lachiwiri, TV ikudikira pa loyamba. Ndadina batani la rimoti, chithunzi chatuluka. Ndamata kapepala pa bowo loyenera. Ndigona bwino lero.

Lachiwiri

Sindinagone bwino.

Chithunzi chatulukacho ndi phiri lokhalokha, lija lokongoletsa galasi la laputopu. Zina zonse zatsala pa laputopu. Ndikakankhira kamuvi kumanja kakusowa, kenako kakutulukira pa TV ngati mbewa yoboola khoma. Laputopu ikuyesa TV ndi chipinda chake chachiwiri. Ndafufuza, ndaiuza kuti zonse ziwiri zizionetsa chimodzimodzi. Yamva!

Koma tsopano:
– m'mbali monse mwadyeka, wotchi ya pansi yalowa theka m'pulasitiki;
– zilembo zikuoneka ngati zanyowa ndi mvula;
– chilichonse chozungulira chasanduka dzira.

Kukoleji ndinaphunzira kupeza kachilombo ka malungo m'kadontho ka magazi. Ndimakapeza tsiku ndi tsiku, ngakhale kabisale bwanji. Kabatani kotsekera tsamba, kamene ndikudziwa kuti kali pakona ya kumanja, sindikukapeza.

Esinati wadutsa pochokera kumsika. "Achimwene, zikuyenda?" Ndati zikuyenda. Wayang'ana TV, wayang'ana ine, wapita. Bola akanandikalipira.

Lachitatu

Kuyeserera koyamba ndi malume. Wogwira foni kumeneko ndi mwana wawo, msuweni wanga Gelesomu. Malume avaliratu jekete ndi chipewa chawo cha m'maukwati. Pa laputopu akuoneka bwinobwino, munthu wolemekezeka.

Pa TV mutu wathera pa nsidze!

Mphumi palibe. Chipewa palibe. Ndiponso atambasuka m'mbali ngati mbiya, malume amene moyo wawo wonse ndi owonda ngati nkhafi. Mawu akutulukira pa laputopu, ang'ono ngati a udzudzu, pomwe pa TV pakamwa pakungoyenda.

Ndauza Gelesomu akweze foni. "Msuweni, ndakweza mpaka ndikuona malata. Mutu wa bambo kuno ulipo. Ngati wasowa, wasowera kwanuko, funsani akasitomu a pamalire."

Ndapempha malume atsetsereke pang'ono pampando. "Iwe, ndinyonyomale pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga?"

Kenako tsoka. Amake Pemphero ajambula TV ndi foni yawo, atumiza pagulu la achibale. Sipanatenge nthawi. Azakhali a ku Salima: "Koma mwanenepatu, mwendowo wakukomerani!" Malume, m'mawu ojambulidwa: "Ameneyu ndi ine? Ndikaoneka chonchi Loweruka, musandiyatse n'komwe. Uyankhule wekha."

Ndiyankhule ndekha! Ine amene ndikapatsidwa kuwerenga zolengeza kutchalitchi pepala limanjenjemera mpaka a kumbuyo amamva. Ndingayambe ndi chiyani? Chichewa kapena Chiswahili? Nanga ndikaiwala dzina la Danieli?

Dzina la Danieli ndalilemba pachikhatho, poyesera chabe.

Lachinayi

Mawu ndakonza. Ndinayenera kuuza laputopu kuti iziyankhulira pa TV. Zinthu ziwirizi sizichita kanthu popanda kuuzidwa, ngati ophunzira ntchito atsopano.

Vuto latsopano: chithunzi chikuphethira. Kenako chasanduka chapinki. Kenako chobiriwira. Ndikagwira waya chikukhala bwino, ndikausiya chikubwerera. Sindingakhale kumbuyo kwa TV mwambo wonse nditagwira waya. Kapena ndingathe? Kumbuyoko sangandipatse kuyankhula. Ndiganizirebe.

Ndabwereka waya wina kwa mwini banda loonetsera mpira, pafupi ndi pokwerera bodaboda, njinga zamoto za kabaza. Waya wokhuthala, wonunkha usipa. Akuti, "Uubweze Jumapili, Lamulunguli, mpira usanayambe, apo ayi anyamata adzaonera kwanu." Mitundu yabwerera mwakale. Waya wanga watsopano uja ndi wabodza.

Mutu sunabwerebe.

Masana ndachita chinthu chimene munthu wophunzira sayenera kuchita atatopa: ndadina poti TV ibwerere mmene inachokera kufakitale. Yazima. Yayaka. Ikundifunsa mafunso m'chiyankhulo chimene sindinachionepo, zilembo zake ngati nyerere zomenyana. Matchanelo onse apita.

Amake Pemphero aima pakhomo. "Lero ndi tsiku loti bambo uja wa m'sewero adziwe kuti mwana si wake. Ndadikira miyezi." Anyamula kampando, apita kukaonera kwa aneba. Pobwera sakundiuza mmene zathera, kuti chikhale chilango. Sindionera sewero limenelo. Koma bamboyo wadziwa kapena ayi?

Msoti wapezeka ku Chiwanda. Chimodzi chokha chatheka pa zisanu.

Lachisanu

Ndapempha kuweruka msanga. Makatani ndatseka, chitseko ndatseka. Ndikuyenda m'kati mwa TV pang'onopang'ono, ndikujambula paliponse ndadina kuti ndisasochere. Chiyankhulo ndachibweza. Matchanelo ndawasakanso, abwera, ena sindimadziwa n'komwe kuti tili nawo.

Ndiye ndafika pa kukula kwa chithunzi. TV imeneyi, mwa chibadwa chake, imakulitsa chithunzi pang'ono n'kudula m'mbali. Pa mpira sizioneka, chifukwa chodulidwacho ndi udzu. Pa malume chodulidwacho ndi malume. Ndasankha poti ionetse chithunzi chonse mmene chabwerera. Pa laputopu ndafananitsa manambala a chithunzi ndi a TV.

Wotchi yatuluka m'pulasitiki! Zilembo zauma! Mazira abwerera kukhala ozungulira!

Ndaimbira Gelesomu. Malume atulukira: jekete, mphumi, chipewa chonse, pamwamba pake mpata wotsala. Owonda mmene Mulungu anawalengera. Ndawatumizira chithunzi. "Eya. Ameneyo ndiye ine."

Ndakhala pansi pa simenti, ndaseka ndekha. Ndazimitsa zonse n'kuyatsanso kuti ndione ngati zibwerera. Zabwerera. Ndachitanso. Zabwereranso. Batire ladzaza, la sola lili pambali ngati magetsi angathawe, mabandulo ndagula a makampani awiri.

Esinati wawaona malume pa TV, wagwada osadziwa, kenako waseka mpaka misozi. Madzulo wadya mbale ziwiri.

Amake Pemphero akuti akuchimuna abwera ambiri, pabalaza sitikwana, tikhala panja pafupi ndi mtengo wa mango. Palibe vuto, waya wamagetsi wautali ulipo. Ndaganizira zonse.

Loweruka

Sindinaganizire dzuwa.

TV taiika pampando wabwino uja wa khushoni, kutsogolo, moyang'ana alendo. Alendo afika, akhala. Ndayatsa. Mawu a malume akumveka bwino kwambiri, akutsokomola. Koma pagalasi palibe malume. Pali mtengo wa mango, mitambo, ndi akuchimuna onse atakhala m'mizere akudziyang'ana okha. Kuwala kwa panja kwasandutsa TV kalilole. Sabata yonse ndayesera m'nyumba, makatani otseka!

Ndakweza kuwala mpaka kumapeto. Malume akuoneka ngati munthu ali pansi pa madzi akuya. Mshenga waimirira, wavula kofia kumutu, wapereka moni waulemu kwa nkhope yake yomwe. Kumbuyo wina wayamba kuseka, wina wamutsina. Mayi ake a Danieli akunong'oneza mshenga. Ndaona Esinati pawindo atagwira kukamwa.

Amake Pemphero sanafunse munthu. Amasula chitenje chapamwamba, afunditsa TV yonse. "Wofuna kuona malume alowetse mutu."

Mshenga walowetsa mutu. Tonse tikuyang'ana msana wa munthu wamkulu utawerama. M'katimo mukumveka moni wa Chiswahili wopatsa akulu, "Shikamoo, mzee," ndi malume, "Marahaba, marahaba, mwayenda bwanji?" Kenako kuseka kwa anthu awiri. Watuluka thukuta lili kamukamu: "Yupo! Alipo, ndi chipewa chomwe!" Nthungululu! Akuchimuna apanga mzere, aliyense akufuna kulowa. Mayi ake a Danieli akhalitsa m'menemo kuposa onse. Atsikana ofunditsidwa nsalu mwamwambo atatuluka kuti Danieli asankhe wake, mnzake wina wakuwa kuti asamale, angavundukule malume.

Mtima unayamba kutsika. Ndiye yafika nthawi ya nkhuku. Mshenga waima ndi tambala wamkulu wofiira, akuyang'ana TV, akuyang'ana ife. Nkhoswe iyenera kulandira ndi manja. Ndavundukula chitenje, ndagwada patsogolo pa TV kuti ndiyesenso mabatani, mwina malume angaoneke pang'ono polandira.

Mawu a malume, okwera mpaka kumsewu: "A mshenga, pagalasipo mukuona ndani?"

"Tikuona shemeji, mlongo wake wa mtsikana."

"Ndiye mukufunanso wina? Ana awa akadzakangana, mudzayamba kusaka waya? Ine ndine wa kutsidya, magetsi akathima ndathima. Uyo amakhala nanu, ndipo sabata yonse sanagone chifukwa cha mlongo wake. Mpatseni tambalayo. Ine ndavomereza."

Ndayang'ana kumbuyo ngati pali wina. Palibe.

Tambala ndi wolemera, wotentha, mtima wake ukugunda mofanana ndi wanga. Ndayankhula. Sindikukumbuka zonse. Ndinayamba m'Chichewa, pakati ndinapezeka ndili m'Chiswahili, ndinathokoza anthu ena kawiri. Dzina la Danieli sindinaiwale. Ndinanena kuti Esinati ndi wamakani koma sanama, ndipo akadzavuta abwere kwa ine asanapite kwina. Anthu aomba m'manja. Msoti ndapereka osaugwetsa. Esinati akuvina ndi apongozi ake.

Pa zisanu zija: malume aoneka, kwa munthu mmodzimmodzi. Athunthu. Amveka. Msoti wapita. Yachisanu tisaikambe.

Lamulungu

Tambala wandidzutsa kusanache. Ndamumangirira ku mtengo wa mango, akundiyang'ana ngati akudziwa udindo wanga kuposa ine.

TV yabwerera pabalaza. Chithunzi chake n'chokongola kuposa kale lonse, chokwana m'mbali zonse, popanda wochifuna. Amake Pemphero akuonera kubwereza kwa sewero lawo. Bambo uja anadziwa, koma mwanayo wamulandirabe.

Potuluka m'tchalitchi Danieli wandigwira dzanja ndi manja awiri, akuti "nkhoswe wathu". Mshenga akuti adzabwera tikambirane za tsiku la ukwati. Pa ukwatipo nkhoswe imayankhulanso. Ndafunsa kale, akuti imayankhula nthawi yaitali.

Chabwino. Esinati akuimba kukhitchini, ndipo chodabwitsa n'chakuti usiku wathawu ndagona ngati mwana mpaka tambalayo. Laputopu ndibweza mawa. TV sindidzaigwiranso.

Ndatumiza uthenga ku Nkhotakota, ndaulembanso pano kuti ndisaiwale zimene ndafunsa:

"Malume, zikomo, ngakhale munandigwetsa m'madzi osandichenjeza. Ndili ndi mafunso ambiri, koma lofulumira ndi ili: tambalayu nkhoswe imadya kapena imasunga? Ngati imadya, imadya ndi ndani? Chonde yankhani msanga. Wamasula chingwe, ndipo pano akujompha waya wa eni ake uja, woti ndibweze mpira usanayambe."