Kadontho Kanga Kanatsala ku Nsanama

Lolemba

Matayala ndinapopa dzulo, lero ndangowadina ndi chala. Ali gwa!

Pakaliyala: bulangete, zitenje ziwiri, pampu, zomatira chubu, mankhwala a shuga, botolo la madzi, kope lino. Foni ili m'kachikwama ka pachifuwa.

Ndilembe nkhani yonse kuti mawa wina asadzaipotoze. Mwezi watha ndinagwa ndi njinga pafupi ndi chigayo. Inali mbuzi. Ana anga akuti chinali chizungulire. Esinta, mwana wanga woyamba, wabwera kuchokera ku Blantyre chigamulo chili m'manja: "Amayi, zaka 61 si zokwera njinga. Tiikweza kudenga." Ine? Ine amene ndapalasa zaka makumi atatu ndili wazaumoyo, sikelo ya ana kumbuyo, katemera m'bokosi, mvula ikhale, matope akhale?

Ndiye tapangana. Ndichoke kuno kwa Nsamala pa njinga, pofika Lachisanu ndikhale ndafika ku Nayuchi kumalire, komwe ndinayambira ntchito. Ndikafika, njinga ndi yanga mpaka imfa. Ndikalephera, kudenga. Lamulo ndi limodzi: foni isachoke pathupi panga. Esinta waikamo zoti aziona pomwe ndili. Pamapu ndikuoneka kadontho kabuluu, ndikasuntha nako kamasuntha.

Iye amafuna aziona yekha. Ndakana. "Iyayi, ponya pagulu la banja lonse, aone onse!" Pagulupo tilipo anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Mboni zichuluke.

5 koloko ndanyamuka. Mphepo ya Juni ikuluma makutu, miyendo ikuseka. Balaka ndamudutsa masitolo asanatsegule. Foni ikungoti ti, ti, ti: "Amayi akuuluka!" "Anti ndi makina!" Eya, onani bwino.

8 koloko, pa Chiyendausiku. Azakhali anga aima m'mbali mwa msewu ndodo ili m'mwamba, mpongozi wawo atawagwirira foni. "Takuona kuyambira ku Balaka. Umati udutse?"

Kunena zoona ndimati ndidutse. Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa pamenepa mutu uli pansi, duku litatsika mpaka m'maso, ndipo palibe ankadziwa. Lero ndadzigulitsa ndekha. Khomo la mbale sudutsa osapatuka, ukapatuka suchoka osadya, ndipo azakhali atereka kalongonda. Kalongonda! Nyemba yofuna tsiku lathunthu pamoto, madzi kutaya, kuthira ena, kutayanso. Wapsa dzuwa litapendeka.

Ndagona pompano. Mphatso: tambala mmodzi, wamoyo. Palibe vuto, masiku alipo anayi.

Lachiwiri

Tambala wamangidwa pamwamba pa bulangete, akulira pa chikweza chilichonse. Anthu akutembenuka. Atembenuke.

Pamphambano ya ku Mangochi foni yalira. Uthenga wa mawu, waponyedwa pagulu kuti aliyense amve. Ndi alamu anga Abiti Saidi a ku Ulongwe, mlongo wa malemu amuna anga: "Alamu, taona kuti kwa azakhali anu munagona. Ife akuchimuna ndiye tinakwiriridwa limodzi ndi achimwene, eti? Palibe kanthu. Allah akuyendetseni bwino."

"Palibe kanthu" wa Abiti Saidi ndimamudziwa. Womaliza anatenga zaka zinayi osandiyankha moni. Ulongwe sali panjira yanga ngakhale pang'ono. Ndakhotera kumanzere.

Koma msewu uwu! Ndapitirira akabaza awiri, amuna a ndevu zawo, opanda ndi katundu yemwe. Wina wakuwa, "Amayi, mwabisa injini pati?" Ndangoimba belu. Ndikhulupirira pagulu aona liwiro limenelo.

Ku Ulongwe alamu andichingamira pamsika, pakati pa ogulitsa chimanga, manja ali m'mwamba, akundilonjera m'Chiyao: "Ayiche, alamu, ayiche!" Andionetsa kwa msika wonse. Kunyumba mpunga wa nyama, mandasi, tiyi wamkaka wa masipuni atatu. Ndawakumbutsa za shuga wanga. Ati, "Ameneyu ndi wochepa, sangamve."

Ndati ndibwerere masana omwewo. Andiyang'ana basi. Ndamasula bulangete.

Mphatso: chimanga ndowa imodzi, maungu awiri. Nayuchi lero ali kutali kuposa dzulo.

Lachitatu

Kubwerera msewu womwewo. Njinga yalemera, koma sindikudandaula. Ndinanyamulapo mayi wodwala pakaliyala yomweyi, ndiye maungu n'chiyani?

Ndisanafike ku Liwonde, masamba pamsewu. Maliro. Ndatsika, ndikukankha njinga mwaulemu monga achitira munthu aliyense woleredwa. Pomwepo foni yayamba misala. Esinta: "Amayi, kadontho kakukwawa! Mwagwa? Yankhani!" Ndiyankhe bwanji pamaso pa anamfedwa? Wina walemba, "Tiyeni tipemphere." Wina waponya chithunzi cha kandulo. Kandulo! Ndili moyo, ndikukankha njinga, ndipo tambala wasankha nthawi yomweyo kulira. Azibambo a pamaliro andiyang'ana. Ndaweramitsa mutu.

Nditadutsa masamba achiwiri ndaimbira Esinta. Ndamuuza kuti kusukulu anaphunzira zambiri koma mapu ake sadziwa mwambo.

Mlatho wa Shire ndawoloka 10 koloko. Ndalumbira kuti lero sindipatukira munthu, kaya akhale ndani.

10:20. Mwana wa achemwali anga, kalaliki ku Machinga boma: "Mayi aang'ono, akazi anga anachira sabata yatha, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu. Tikuona muli pa Liwonde pompa."

Dzina langa. Ndikanatani?

Chikweza cha ku boma ndachikwera ndi chimanga, maungu ndi tambala. Sindinatsike. Chabwino, ndinatsika kamodzi, koma chinali chingwe chomwe chinamasuka. Maminibasi a ku Zomba akundiimbira hutala, kondakitala wina wandiwombera m'manja. Pamwamba ndaima, ndayang'ana m'mbuyo, mtima uli m'malo. Chizungulire chija chili kuti?

Mwanayo ndi wokongola, chipumi ndi changa ndithu. Ndamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, ndafunsa za katemera, ndakalipira amake za kafungatidwe. Ndagona.

Mphatso: nthochi mkoko wathunthu.

Lachinayi

Kutsetsereka kubwerera ku Liwonde, kenako msewu wa ku Ntaja. Tsopano ndili panjira yeniyeni, tsiku lachinayi. Ndafika ku Nsanama kwa msuweni wanga Felesiya, mkulu wa amayi kutchalitchi kwawo, amene ndinakula naye mphasa imodzi. Pano pokha ndi pomwe ndinakonza ndekha zogonapo, ndipo ndimayenera kugonapo Lolemba.

Ndatsegula foni, ndapeza pagulu alemba mndandanda. Andigawana!

Nsanama mpaka Nayuchi, makomo asanu ndi awiri:
amalume aang'ono, tiyi;
apongozi a Esinta, nkhomaliro;
mdzukulu wa agogo aakazi amene sindikumudziwa n'komwe, thobwa;
a ku Ntaja, akupha mbuzi, kugona komweko;
ena atatu akukanganabe za Loweruka.

Loweruka! Pangano likutha mawa. Ndalembera Esinta kuti awauze andisiye ndidutse. Wayankha, "Amayi, munati aone onse ndinu." Mwana ameneyu anatengera bambo ake.

Ndakhala pakhonde, ndawerenga ndi zala, ndawerenganso. Ndi foni sindifika. Popanda foni ndifika dzuwa lisanalowe. Anthu onsewa sakudikira ine, akudikira kadontho.

Ndamuuza Felesiya: foni itsala pano m'dengu. Kadontho kapume, ine ndipite. Ndikafika ndidzaona chochita, chachikulu ndifike. Akaimba, unene kuti ndikupuma. Felesiya wagwira pakamwa. "Asuweni, ine bodza sindilitha." Ndati si bodza, foniyo ikhala ikupumadi. Wavomera monyinyirika.

Tambala, chimanga, maungu, nthochi, zonse ndatsitsa. Njinga yapepuka mpaka ndaimvera chisoni.

Lachisanu

4:30 ndanyamuka. Chipewa cha amuna a Felesiya pamwamba pa duku.

Ufulu! Palibe ti, ti, ti. Ndikumva tcheni chokha ndi mpweya wanga.

Kwa amalume aang'ono ndadutsa akuyatsa moto wa tiyi wanga. Kwa apongozi ndadutsa akusesa pabwalo. Ku Ntaja ndiye ndinaopa: mbuzi yamangidwa pamtengo, mipando yayalidwa, anthu asanu aunjikana m'mbali mwa msewu. Ndadutsa pafupi moti ndikanatha kuwagwira phewa. Palibe wadzutsa mutu. Onse maso ali pafoni, ndipo ndamva wina akuti, "Sananyamukebe, akadali pa Nsanama."

Kupitirira Ntaja fumbi, kenako mchenga. Mwera ukuwomba kumaso. Ndakankha, ndakwera, ndakankhanso. Chubu chaphulika kamodzi, ndamata ndekha pansi pa mtengo, mphindi khumi. Ndadya chinangwa chootcha, ndamwa mankhwala pa nthawi yake. Mawondo akulankhula koma sindikuwamvera.

3 koloko masana. Njanji. Nayuchi!

Ndafika. Ndilembenso: ndafika, Lachisanu, pa njinga, ndekha, zaka 61.

Mtengo wa mango umene ndinkapachikapo sikelo ulipobe, wangonenepa. Ndinabwera pano ndili mtsikana wosadziwa ndi kukwera njinga komwe, ndinaphunzirira pa mchenga womwewu, ndikugwa, amayi a sikelo akundiseka. Ndaugwira mtengowo ndipo ndalira, osati pang'ono. Ndasangalala kwambiri.

Kenako dzanja lapita pachifuwa kuti ndijambule chithunzi. M'kachikwama muli mankhwala okha.

Apa ndiye ndakhala pansi. Dzulo ndinati ndidzaona chochita. Ndikuyang'ana, sindikuchiona.

Mayi wogulitsa mpunga wandifunsa komwe ndachokera. Ndati ku Nsanama lero, ku Balaka Lolemba. Wayang'ana imvi zanga, wayang'ana njinga, waseka. "Agogo, inu ndi nthabwala!" Ngakhale amene akundiona ndi maso sakukhulupirira.

Ndapeza chipinda cha alendo pafupi ndi siteshoni. Mawa ndikafika ndidzangonena zoona. Esinta ndi mwana wanga, adzamva.

Loweruka

Kubwerera. Mwera uli kumsana, ukundikankha. Ku Ntaja mbuzi ija ikudya udzu, yapulumuka chifukwa cha ine ndipo sikudziwa.

1 koloko, Nsanama. Felesiya ali pamsewu manja ali kumutu.

Akuti foni inalira osaleka. Koyamba anati ndikupuma. Kachiwiri anati ndikusamba. Kachitatu anati ndikusambabe. Kachinayi Esinta anati, "Anti, apatseni foni amayi pompano." Ndiye munthu wosatha bodza uja anatsegula pakamwa: miyendo yatupa, sakutha kuimirira, mawu sakutuluka, takhala tikuwapempherera. Anawonjezanso kuti ndinakana phala. Esinta anaponya zonsezo pagulu. Panopa iye ndi amuna ake ali pagalimoto, adutsa kale pa Liwonde.

Ndakwiya, ndatukwana mumtima, kenako ndaganiza.

Ndikanena zoona: lamulo ndaswa ndine, umboni ndilibe, njinga kudenga. Felesiya, mkulu wa amayi, wabodza pamaso pa abale makumi asanu ndi limodzi. Ndiponso makomo asanu ndi awiri adziwa kuti ndinawadutsa dala, kupita ndi kubwerera. Amenewo sadzabwera ndi pamaliro anga pomwe.

Ndikakhala chete: njinga kudenga basi.

Tapukuta njinga mchenga wonse, matayala omwe. Chipewa chabwerera pamsomali. Ndagona pamphasa, Felesiya wandifunditsa bulangete mpaka m'khosi. Galimoto itaima sindinafunike kunamizira kanthu. Miyendo yatupadi, kuimirira kukukanikadi.

Esinta walowa akulira. Wandikumbatira, akununkhira sopo wa m'tauni, ndipo ndamva mtima wake ukugunda. Mwanayu anaopa zenizeni. Apo ndiye manyazi andigwira.

Andikweza kutsogolo. Kumbuyo njinga, tambala, chimanga, maungu, nthochi. Kadontho kathamanga lero kuposa masiku onse.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, miyendo yakana.

Pagulu mauthenga ali mbwee: "Mwayesetsa, mayi." "Pa msinkhu wanu, Nsanama si pafupi." Abiti Saidi akuti anaona kale ku Ulongwe kuti nkhope yanga sinali bwino. Azakhali akuti ndinadya kalongonda wochepa. Mawu akuti "mwayesetsa" ndadana nawo kuyambira lero.

Mkamwini wabwereka makwerero. Wachotsa mpweya m'matayala, wadzoza tcheni mafuta, wakweza njinga pamitanda ya m'chipinda chosungira chimanga, wamanga ndi waya. Wagwira ntchito yabwino, ndisaname. Ndinamuuza ndekha kuti chishalo achikulunge ndi pulasitiki chifukwa cha makoswe. Sindinalire. Pangano ndi pangano.

Masana Esinta watenthetsa madzi, wakhala pansi, waika mapazi anga pamiyendo pake n'kumawathowa ndi kansalu, monga ndinkamuchitira akadwala malungo. Wadina chala pabondo, wapukusa mutu.

"Amayi, taonani mmene yatupira. Ndiye ndi Nsanama yokhayi. Mukanati mufike ku Nayuchi, si bwenzi mutafera panjira?"

Ndayang'ana pamutu pake. Imvi ziwiri zayamba, sindinazionepo.

"Eya, mwana wanga," ndatero. "Bwenzi nditafa."

Ndamupatsa mwendo winawo.