Chithunzi cha Bambo Chopanda Mutu

Lolemba
Loweruka ndi mwambo wokumbukira bambo, chaka chakwana chimwalirireni. Chithunzi chawo chimodzi chomwe tinali nacho chinadyedwa ndi chiswe. Ndiye ndiwajambula ndine. Osati nkhope, nkhope yayamba kundithawa. Ndipaka mitundu imene imabwera ndikawakumbuka, monga tinkachitira ku yunivesite. Buluu wa boti lawo. Kuyera kwa mkanjo wa kwaya. Kachikasu, kaya n'ka chiyani.

Lachiwiri
Sitima yafika, penti amene ndinaitanitsa ayi. Wapansi kuchoka kuno ku Yofu mpaka ku Chipyela: kuli penti wa maboti basi. Thabwa lojambulapo ndi chitseko chakale cha khitchini. Mwina zikhala bwino. Mwina.

Lachitatu
Mayi aima kumbuyo kwanga nthawi yaitali. "Mutu uli pati?" Ndikufotokoza kuti ichi n'chithunzi cha mumtima. "Mumtima mwakomo bambo ako alibe mutu?"

Lachinayi
Amalume a ku Khuyu abwera kudzaona. Zolakwika, malinga ndi iwo:
– boti la bambo linali lobiriwira, labuluulo linali la amalumewo, bambo ankangobwereka
– mkanjo bambo anauvala kamodzi, akwaya anawapempha kuti aziimbira kunyanja
– chikasu: "Amenewo ndi malungo ako, mphwanga, uli khanda."
Nanga ine ndakhala ndikukumbuka ndani?

Lachisanu
Ndapaka zobiriwira pamwamba pa buluu. Zonse matope. Ndachisiya panja kuti chiume. Ndikanangophunzira zaulimi.

Loweruka
Mayo ine! Azakhali, amene abwera kudzathandiza kuphika, aona thabwa padzuwa n'kuyanikapo usipa. Penti asanaume! Mamba ponseponse, timitu tiwiri takana kumatuka. Anthu akuchokera kumanda. Ndachibisa kuseri kwa nyumba, amphaka akuchilondera.

Mayi achipeza. Awerama, anunkhiza. Kenako: "Eya. Penti wa boti ndi usipa. Bambo ako akamalowa m'nyumba ankamveka chonchi." Alira pang'ono, aseka kwambiri, aitana aliyense adzanunkhize. Mpaka mzere!

Lamulungu
Chapachikidwa pabalaza. Ansembe akuti n'chozama, koma akunenera patali. Amalume akuti mutu tsopano ulipo, iwiri. Za mitundu palibe wafunsa. Sukulu yonse ija, ntchito amaliza ndi azakhali. Chabwino. Koma ndikaima pafupi n'kutsinzina, nkhope ija ikubwera ndithu, ndi mpata wa mano womwe.

Mawa ndikagule mankhwala a ntchentche.