Tsiku Limene Mphadzula Anasanduka Mzati

Mwambi uwu chiyambi chake n'chotere, ana inu, ndipo amene anandiuza anamwa nawo thobwa la tsikulo.

Pamudzi wina panali mkamwini dzina lake Mphadzula. Iye ndi mkazi wake Nangondo ankagona m'kanyumba koti ukatambasula miyendo mapazi ali pakhonde. Malume a Nangondo, a Kathewera, anawamvera chisoni. Anawalozera nyumba yakale ya malemu mlongo wawo, nawauza kuti akaikonza mvula isanagwe ikhala yawo, akalephera malumewo aikamo mbuzi.

M'mawa mwake awiriwo analowa kukaiona mkati. Chitseko chinali cholendewera mbali imodzi. Pansi panali maenje a makoswe, kudenga mwaye wolendewera ngati ndevu, ndipo mng'alu wa pachipupa unkaonetsa anthu opita kudambo. Mphadzula anayenda manja kumbuyo akugawa ntchito. Apa tiboola zenera, apa tidula chipinda ndi mabango, pansi uzira iwe, mng'alu ndimata ine. Nangondo ankangovomera, mtima uli mbee, akuona kale poika mtsuko.

Kenaka Mphadzula anagogoda mzati wapakati, umene unkagwira mtanda wa denga lonse. Unalira ngati ng'oma, fumbi n'kuyoyoka. Chiswe chinali chitadya mkati monse.

Nangondo anati zimenezo n'zosavuta. Pamudzipo munthu akafuna kusintha mzati ankafulula thobwa n'kuitana amuna, ena kukweza denga, ena kulowetsa mtengo watsopano. Koma Mphadzula anakumbukira kukhosi kwa alamu ake asanu, nakumbukiranso kuti adzayenda akunena kuti nyumba ya mkamwini tinamanga ndife. Anakana.

Anapita kuthengo nadula mtengo wauwisi wamphanda, naukokera yekha mpaka m'nyumba. Anavundikira mtondo pafupi ndi mzati, napota nkhata, naiika pamutu.

"Ine ndikwera apa ndikankhe mtanda ndi mutu," anatero. "Iwe uzule wakalewu, uimike watsopanowu. Madzi osamba asanafunde tikhala titamaliza."

Anakwera, nakankha, denga n'kukwera pang'ono. Nangondo anangokhudza mzati wakale, uwo n'kuthyoka pakati ngati phesi. Mbali yoyamba inatheka bwino kwambiri. Koma atagwira mtengo watsopano, sunasunthe n'komwe. Anayesa kumutu, anayesa kutsinde, anavula mpango n'kumanga m'chiuno. Mtengo unali gone.

"Abambo, uwu ndi wa anthu anayi."

"Yesanso."

"Ndayesa. Tsikani tione pochita."

Apa m'pamene Mphadzula anazindikira kuti kutsika kulibe. Akatsika, denga litsika naye, ndipo mbuzi za a Kathewera zipeza pogona. Ndi mawu opanikizika anauza mkazi wake kuti akaitane mlamu mmodzi yekha, wamng'ono uja wosalankhulalankhula.

Anabwera onse asanu, a Kathewera ali patsogolo, akazi ndi makasu awo pambuyo. Analowa mwaulemu, nakhala pansi, nayamba kupereka moni mmodzimmodzi monga mwa mwambo. Aliyense anafunsa mkamwini mmene wadzukira, ndipo aliyense anadikira yankho.

A Kathewera anayamba kuyendera nyumba mosafulumira. Anayamikira maganizo a zenera. Anafunsa ngati mabango adzachokera kudambo la kumtunda kapena la kumunsi. Anaika chala mumng'alu n'kufotokoza chaka chimene unayamba. Potsiriza anafika pakati, nayang'ana Mphadzula kuyambira kumapazi mpaka kunkhata, namugogoda pabondo.

"Mzati uwu ndi wabwino," anatero. "Chiswe sichingaudye. Koma wokhotakhota pang'ono. Nangondo, mzatiwu uzidya kangati patsiku?"

Thukuta losakanizika ndi mwaye linali likutsikira m'maso mwa Mphadzula, miyendo ikuvina yokha. Analonjeza mtsuko wa thobwa. Alamu anayang'ana kudenga ngati sanamve. Analonjeza iwiri. Wamkulu anati khutu lake lamanzere limavuta. Pa mitsuko itatu ndi tambala, onse anaimirira nthawi imodzi.

Atatu analowetsa mapewa pansi pa mtanda, awiri ndi a Kathewera anaimika mtengo, mphanda n'kugwira malo ake. Sizinatenge nthawi yosenda chinangwa chimodzi. Mphadzula anamutsitsa pamtondo ngati mtolo wa nkhuni, namugoneka pakhonde.

Nyumba ija inakonzeka mvula isanagwe, zenera lake ndi chipinda chake, pansi pozira bwino, ndipo inakhala yawo. Khosi lokha ndilo linatenga sabata ziwiri. Pa tsiku la thobwa Mphadzula ankapereka chipanda akutembenuka thupi lonse ngati munthu wosenza madzi. A Kathewera anamwa, napukuta pakamwa, namusisita pa liwombo pamene tsitsi linali litaperepeseka.

"Mphamvu muli nazo, akamwini, sitikukana. Koma mutu umodzi susenza denga."