Apongozi a Miyendo Inayi

Kuno aliyense amadziwa kuti malemu a Mwinikhola sankaweta ng'ombe ayi, ankaweta abale. Ng'ombe iliyonse m'khola mwawo inali ndi ubale wake. Munali Azakhali, Amalume, Alamu, Achemwali a mchira wodula, ndi ina yamwano yoyang'ana munthu cham'mbali imene ankaitcha Apongozi. M'mawa akafika pa chipata sankangotsegula. Ankavula kaye chipewa, kuodira, n'kufunsa mmene kwachera.

Ife tinkaseka, koma akazi awo sankaseka. Inu mukanaseka? Mayiwo anakwatiwa msana uli chiriri, ndipo moyo wawo wonse unathera pa kukama, kutsuka zigubu za mkaka, kutungira ng'ombe madzi ndi kuzizula nkhupakupa. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi basi: ziweto zichepe, nawonso agoneko mpaka dzuwa litatuluka ngati anthu ena.

"Bambo a ana, tigulitseko zina tipume."

"Tigulitse ndani? Tchulani."

"Yokalamba ija, ya nyanga yothyoka."

"Azakhali? Mukufuna anthu azindiloza kuti uyo anagulitsa azakhali ake kubutchala?"

"Azakhali anu enieni atadwala simunapiteko n'komwe."

"Ajatu sankatulutsa mkaka."

Mayiwo ankangopuma mozama, kunyamula ndowa, ulendo kukhola.

Tsiku lina bambowo anafika pa golosale ali wefuwefu, maso ali gwa. "Thandizeni abale, Apongozi agwera m'dzenje, sakudzukanso." Sanadikire kufunsidwa, anabwerera chothamanga. Uthenga unayenda ngati moto wa m'tchire. Pofika masana amayi anali atadzaza njira, mitolo ya nkhuni pamutu, akulira molunjika kwa amayi ake a mkazi wa Mwinikhola. Anawapeza gogowo ali pakhonde, akusoka chigamba pa diresi, ali bwinobwino.

"Kwagwanji?" anafunsa gogowo.

"Inuyo," anayankha wina, misozi ikadali m'masaya.

Apongozi a nyanga aja anatulutsidwa m'dzenje ali moyo, koma gogowo anakwiya mpaka mvula inagwa n'kusiya. Wopita kukapepesa anali ndani? Mwana wawo yemwe uja, mkazi wa Mwinikhola, atamaliza kukama. Wophikira olira maliro opanda mtembo aja analinso iye. Kuyambira pamenepo, a Mwinikhola akati wakuti wadwala, anthu ankayamba afunsa kaye kuti, "Wa miyendo ingati?"

Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi anafika mochedwa, jekete pamwamba, magambuti a ndowe pansi. Abusa ataimitsa mwambo n'kuwayang'ana, iwo anamwetulira. "Pepani abusa, kunyumba Achemwali achira. Wamwamuna." Alendo a kuchimuna anaomba m'manja mosangalala. Mkwatibwi anabisa nkhope m'maluwa, amayi ake anangotseka maso.

Ana anathawira m'tauni mmodzimmodzi, aliyense atalumbira kuti sadzagwiranso bere la ng'ombe. Anatsala awiriwo ndi abale awo a nyanga aja. Msana wa mayi unapindika, zala zinauma. Bambo nawo anayamba kutsokomola, koma dokotala wa ziweto yekha ndiye ankaloledwa kuponda pakhomopo.

"Tiyeni kuchipatala, chonde."

"Akandigoneka, awa adzawadzutsa ndani?"

"Ine. Kodi si ine ndimachita zonse pano?"

"Inu mumakama, mayi. Simupereka moni."

Anthu anawapeza bambowo madzulo ena atatsamira mtengo kubusa, ndodo ili pamiyendo, ng'ombe zitawazungulira zikubzikula ngati zili pa msonkhano. Anali atatisiya.

Maliro atatha, mwana wawo wamwamuna anabwera ndi wogula ndi lole yake. "Amayi, basi tsopano. Mwavutika mokwanira." Mayiwo anavomera msanga, ndipo palibe amene anawadzudzula. Koma ng'ombe zinakana kukwera. Zinaunjikana pangodya ya khola, mitu pansi. Dalaivala anakuwa, anaimba mluzu, kenako anatola chikuni n'kuyamba kuzikwapula.

"Iwe, taya icho," anatero mayiwo. "Sanamenyedwepo awa."

Analowa m'khola akutsimphina. Zaka zonsezo sanatchulepo maina aja ngakhale kamodzi, ankati n'zamisala. Anaima, nakonza mpango, nayang'ana pansi mwamanyazi.

"Odi kuno. Azakhali, pepani, eni ake anapita. Ine sindingathe ndekha. Tsogolani."

Ya nyanga yothyoka ija inadzutsa mutu, inayenda pang'onopang'ono, n'kukwera. Amalume anatsatira, kenako Alamu, kenako Achemwali ndi ana awo onse. Wogula anavula chipewa osadziwa chifukwa chake. Kunatsala Apongozi okha, atakalamba, akuwayang'ana mayiwo cham'mbali.

"Inunso musandivute lero," anatero mayiwo. "Tatopa tonse."

Nawo anakwera. Lole itakhota pa mlatho, mayiwo anakhala pansi pomwepo m'ndowe n'kulira kuposa mmene analirira pa manda.

Masiku ano m'khola muja mwamera udzu wofika m'chiuno, ndipo palibe woudya. Msewu ndi waukhondo, ntchentche zinasamuka, pa golosale nkhani zimatha msanga. Tawasowa bambo aja, tinene zoona. Mayiwo amadzukabe kusanache. Amakhala m'mphepete mwa bedi, zala zikungofumbata n'kutambasuka zokha, mpaka kunja kuyere.

Mwana wawo wamkazi akaimba foni amafunsa, "Amayi, mukupumatu tsopano?"

"Ndikupuma, mwanawe," amatero. "Koma palibe anandiuza kuti kupuma kumatopetsa chonchi."