Ubongo Wachiwiri

Kwathu ku Thyolo anthu amadziwa kuti ndinabwerako ku Blantyre chifukwa cha chifuwa, ati fumbi la m'tauni silinandiyanje. Bodza limeneli analipeka ndi achemwali anga pofuna kundibisira manyazi. Ine sindinakhosomolepo ngakhale kamodzi.

Nditalemba mayeso a Fomu 4, achemwaliwo anandiitanira ku Mpingwe. Amuna awo amajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, koma kompyuta yawo inkatha tsiku lathunthu ikukonza ukwati umodzi. Alamuwo sanabise mawu: m'nyumba mwawo simukhala munthu wongodya. Atamva kuti kusukulu ndinkakhoza za makompyuta, anati ndiwapangire makina amphamvu. Zikatheka ndikhala wokonza mavidiyo awo, zikakanika njira ya ku Thyolo ndikuidziwa. Ndinavomera nditagwada. (Sindinawauze kuti kompyuta ya kusukulu kwathu inali yojambula ndi choko.)

Koma ndinalimbikira. Ndinawerenga pa foni ya achemwali mpaka maso kuwawa, ndipo ndinapeza kuti pali makompyuta a m'makampani okhala ndi mapulosesa awiri, ogawana ntchito ngati anthu awiri pa mtondo umodzi. Akale ake amabwera kuchokera kunja ngati kaunjika. Ndinaganizira zonse: zokupizira mphepo tiika pati, magetsi akazima titani, fumbi tilitchinga bwanji. Bolodi yaikulu, imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndinaipeza m'sitolo ya mwenye wina ku Limbe, ili ndi pulosesa imodzi. Inatsala inzake, yofanana nayo ndendende.

M'sitolo imeneyo ndi mmene munayambira tsoka langa. Ndinayesa kutchula dzina lonse la bolodiyo m'Chingerezi, lilime n'kupindika. Anyamata ogulitsa anayang'anana.

"Tabwerezani, achimwene, pang'onopang'ono," anatero mmodzi.

Ndinabwereza. (Ndine munthu womvera.)

"Aise, bwera udzamve Chingerezi cha m'minda ya tiyi!"

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira kuti pagulu sindidzalankhulanso Chingerezi. Ndinabwerera ku mawu a aphunzitsi athu: pulosesa ndi ubongo, bolodi yaikulu ndi mayi. Alamu nawo anazolowera, moti kunyumba tinkangoti ubongo, mayi, aliyense n'kumva.

Ubongo wachiwiri ndinaupeza mu Blantyre, kwa okonza makompyuta kufupi ndi msika. Ndinali nditawerenga kuti mdani wamkulu wa pulosesa ndi kutentha, ndipo tsikulo dzuwa linali lowotcha zedi. Choncho ndinanyamula kabokosi ka alamu kosungiramo zakumwa zozizira. (Panopa ndikudziwa kuti amanena kutentha kwa pamene ikugwira ntchito. Panopa.) Ubongowo ndinaukulunga m'kansalu koyera, n'kuuika m'katimo, n'kutseka bokosilo, n'kulimatanso ndi tepi. Ndinakwera minibasi ya ku Limbe, n'kuliika pamiyendo, nditaligwira ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu.

Titangodutsa pa Ginnery Corner, alamu anaimba foni. Ndi phokoso la m'minibasi muja ndinakweza mawu kuti andimve bwino.

"Alamu, ubongo uja ndaupeza... Eya, yomwe inali nawo yafa dzana, koma ukadali wabwinobwino. Achotsa ndikuona ndi maso angawa... Ayi, suwonongeka, ndauika mozizira... Mayiyo? Ndamubisa pansi pa bedi kuti ana asamuone. Ndamukulunga m'pulasitiki."

Nditadula foni ndinadabwa kuti dalaivala wazimitsa wailesi. Mayi amene anakhala pambali panga anasamutsira mwana wawo kumwendo wakutali.

"Kondakitala, ndatsika."

"Simunafike, mayi."

"Ndati ndatsika! Mwatikweza ndi satana muno!"

Bambo wina wa jekete anatembenuka kuchokera pampando wakutsogolo. "Mwana iwe, m'bokosimo muli chiyani?"

Munthu wanzeru akanati chipangizo cha kompyuta, nkhani n'kutha. Koma ine wamkulu akandifunsa, mutu umazima, chotsala ndi ulemu. Ndinayang'ana pansi.

"Ubongo, bwana."

Minibasi inaima pa Chichiri ndi mabuleki olira. Anandikoka ndi kolala mpaka panja. Anthu a mu Blantyre sindikudziwa kumene amabisala: ogulitsa nthochi, akabaza, wina wa suti ndi taye, onse anali atandizungulira, mafoni ali m'mwamba. Mbama yoyamba inachokera kwa a jekete aja.

"Ndi wa ndani ubongowu?"

"Ndi wa alamu anga, bwana."

"Wapha mlamu wake!" anakuwa mayi aja, manja ali kumutu.

Pofuna kukonza zinthu ndinafotokoza kuti alamu ali moyo, ndi amene andituma, ndipo ndinatchula dzina lawo, ntchito yawo, ndi pamene amakhala ku Mpingwe. Ndinatchula momveka bwino, mafoni onse aja akujambula.

Kondakitala anang'amba tepi, anthu n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Analigubuduza bokosilo ndi phazi. Kansalu kanatambasuka, ndipo kachitsulo kanga kanagwera m'miyala, kochepa ngati bisiketi.

A jekete aja anawerama n'kukayang'anitsitsa.

"N'chiyani ichi?"

"Pulosesa," ndinatero ndi mawu a udzudzu. Wina kumbuyo anaseka, ndipo si nkhani yonseyi imene inamuseketsa, koma katchulidwe kanga.

A jekete anakatola, n'kukapalapala kunsi konyezimirako ndi kiyi kuti aone ngati ndi golide weniweni. Ndinaona tinthu ting'onoting'ono ta pansi pake tikuthothoka ngati mapira. Atakhuta anakaponya pansi.

"Nanga bwanji osanena? Watitayitsa nthawi, chitsiru iwe!"

Mbama yachiwiri inali ya kutayitsa nthawi. Onse anakwera, minibasi n'kunyamuka, ine n'kutsala nditagwada ndikutola zotsala. Palibe amene anati pepa.

Ku Mpingwe ndinafika wapansi, koma vidiyo inali itafika kale. Ndinapeza alamu pakhonde, foni ili kukhutu, akulumbira kwa banja lina la ku Sunnyside lomwe ukwati wake unali Loweruka lomwelo. Anawafotokozera kuti chinali chitsulo chabe, koma anthu aja anati sangalole kuti mwana wawo ajambulidwe ndi "a ubongo aja". Vidiyo imene anaona inathera pamene ndinkatchula dzina la alamu. Yoonetsa bokosi likutsegulidwa palibe amene anavutika kuitumiza.

Alamu sanandikalipire. Anangoti, "Lamlungu kuli minibasi zambiri." Achemwali analira, koma akulira choncho ankapinda zovala zanga.

Ndamva kuti makina aja anawalumikiza mnyamata wina wa ku Ndirande, potsata mapulani anga omwewo, ndipo akuthamanga bwino ndi ubongo umodzi womwewo. Alamu amauza anthu kuti mnyamatayo ndi katswiri.

Achemwali amati phunziro lake n'lakuti ndizilankhula ngati mwamuna. Mwina. Koma chimene chimandiwawa kwambiri si mbama zija, si ntchito ija. A jekete aja akukwera minibasi, tsaya langa likuyaka, ndinawaombera m'manja n'kunena kuti, "Pepani bwana, ndakuchedwetsani. Muyende bwino." Ndikamapalira tiyi wa malume kuno ndimakonza mawu oti ndidzawauze a jekete aja tsiku limene tidzakumane, mawu olemera, oti adzagone nawo osadya. Ndawayeserera kambirimbiri pakati pa mizere, ndipo akutuluka bwino ndithu, kungoti nthawi zonse akuyambabe ndi pepani.