Pakamwa Panga Mwapapachika pa Msewu wa ku Lupaso

Kwa Bwana Mkulu,
Bungwe la Kamwa Loyera,
Mzuzu.

Bwana wolemekezeka,

Ine ndine Paison Makwinja, wa zaka 76. Kwathu ndi ku Thyolo, koma ndakalambira kuno ku Mzilawaingwe, kumene ndinabwera kudzalondera masitolo a eni. Ndili mwana sukulu sindinaiponde. Zilembo zokhotazi ndinazitola ku sukulu ya kwacha imvi zitamera kale, choncho muwerenge pang'onopang'ono monga ndalembera. Nkhope yanga simuidziwa, koma pakamwa panga mumapadziwa bwino, pakuti mwapapachika pa chikwangwani chachikulu pa msewu wopita ku Lupaso.

Choyamba, ndithokoze chifukwa cha kafukufuku wanu. Chaka chatha munatuma amayi awiri ovala zoyera kuti ayende khomo ndi khomo kufunsa chimene timatsukira mano. Pepala lawo linali la mizere: a mswachi wa m'sitolo apa, a kamtengo apa, a makala ndi phulusa apa, a chala ndi mchere apo. Ine mbuli ndinkayesa kuti mu Mzuzu muli Atumbuka, Atonga, Alomwe ndi ena otero. Sindinkadziwa kuti mtundu wa munthu umaonekera m'kamwa.

Apa ndiulule tchimo langa. Ndinaona katoni ya mphatso m'galimoto mwawo, ndiye mumtima ndinati mphatso zimapita kwa ovutika. Atandifunsa ndinayankha kuti, "Kamtengo ka muula, amayi, chibadwire." Bodza lamkunkhuniza, bwana. Muula ndinausiya zaka makumi anayi zapitazo, sabata yomwe ndinafika m'tauni. Nthawi imeneyo mano anali onse, nzimbe ndinkasenda popanda mpeni. Ndinagula mswachi wofiira n'kumauika m'thumba la malaya ngati cholembera, kuti anthu aziona kuti Paison watsegula m'maso. M'kamwa unkalowamo Lamulungu lokha. Masiku enawo munkalowa tiyi wa masupuni anayi a shuga, mandasi, ndi maswiti othamangitsira tulo pa ntchito. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Lero mano atsala atatu, ndipo akhala motalikirana ngati abale olimbirana malire a munda.

Amayi anu aja, Mulungu awadalitse, sanafune kuvutitsa nkhalamba ndi funso lachiwiri. Za shuga sanafunse. Wina anati ndiyasamule n'kujambula, wina anachonga mzere wa kamtengo, basi galimoto inanyamuka.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mphatso ija, mswachi watsopano ndi mankhwala a m'chubu. Mwandipatsa khasu munda utakokoloka kale, komabe khasu ndi khasu. Ntchito yake imatha msanga: kuno, uko, pakatipa, ndamaliza.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha langizo lanu loti tizikaonana ndi dokotala wa mano kawiri pa chaka. Limeneli ndinayamba kulisunga musanalilembe n'komwe. Ku chipatala ndapitako kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse makina omatira dzino amakhala atafa dzulo lake, koma chozulira chimakhala chamoyo. Ndimapita ndi dzino lopweteka, pobwera ndimabwera ndi thonje. Anthu akhama ngati amenewo ndi osowa.

Chachinayi ndi chikwangwani chija. Amayi anu aja anati palibe adzandizindikire popeza ajambula pakamwa pokha. Munaiwala kuti mu Mzuzu monse muli munthu mmodzi wa mano atatu ndi chipsera cha waya pamlomo. Pansi pake munalemba zilembo zazikulu zoti ngakhale ine ndinawerenga osagwira chala: MAPETO A KAMTENGO. Pano akabaza malo aja akuwatcha "pa Paison". Ndatchuka, bwana, ndipo ulemu umenewu ndi wanu.

Tsopano ndifike pa chimene chandigwiritsa cholembera. Kuli mayi wina ku Kaning'ina, a Lettie NyaGondwe, namfedwa wa zaka 69, amene amagulitsa masamba ndi timitengo ta muula pamsika. Iwowa amatafuna kamtengo kawo m'mawa ndi madzulo, osaphonya, tiyi amamwa wopanda kanthu. Mano awo alipo onse, chimanga chokazinga amachiphwanya inu mukumva muli kuseri kwa nyumba. Ine ndi iwo tinagwirizana kuti tidalitse ukwati tikakolola. Ankhoswe anakumana, abusa analengeza kamodzi.

Kulengeza kwachiwiri sikunachitike. Chikwangwani chitakwera, ogula anayamba kuloza timitengo tawo n'kumafunsa ngati ndi tomwe tinamaliza mkulu wa pamsewu uja. A Lettie anandiitana, ndipo anandiuza ndili chiimire, mosakaniza ndi Chitumbuka chawo, kuti, "Ada Makwinja, magweru ndinawalola, munthu sakwatiwa ndi mano. Koma kunamizira mtengo wanga chifukwa cha mswachi waulere, yayi. Chikwangwani chitsike. Apo ayi, yewo chomene, phala muzidziphikira nokha."

Bwana, ine sindikunyoza mswachi wa m'sitolo. Ndi chida chabwino, bola chizilowa m'kamwa. Wanga unali wa m'thumba. Sindikuti akatswiri anu analakwa, pakuti anthu ophunzira salakwa. Anangokhulupirira mlonda wokalamba amene maso ake anali pa katoni.

Pempho langa ndi laling'ono ngati mwini wake. Tsitsani pakamwa panga. Ngati makwerero anu nawonso anafa dzulo, ingosinthani mawuwo akhale MAPETO A SHUGA NDI MATAMA, ndipo ine ndidzaima pansi pake kuchitira umboni. Mukafuna mapeto enieni a kamtengo, tumizani amayi aja ku Kaning'ina akajambule a Lettie, koma ulendo uno afunse mafunso awiri.

Mundiyankhe polemba, ndi chidindo chanu pamunsi, chifukwa a Lettie sakhulupiriranso chotuluka pakamwa panga. Kalata mukasiye kwa mlembi wa mpingo wathu. Chonde musazengereze: chimanga chauma m'munda, ndipo dzino la pakati layamba kugwedera. Likagwa chikwangwani chikadali pomwepo, chidzakhala chikunama pawiri, ndipo bodza lachiwirilo silidzakhala langa.

Ine wanu wodzichepetsa, wa mano atatu pakadali pano,

Paison Makwinja,
Mzilawaingwe.