Mawindo m'Zitenge za Amayi

Lolemba

Chisanu chafika ndi ukali. Atate akutsokomola kuyambira m'mawa. Bulangete lawo latha, ukalitambasula padzuwa ukuona nkhuku zikudutsa kuseri. Latsopano limene adawagulira Aginesi, mng'ono wanga wa ku Lusaka, lili m'pulasitiki pamwamba pa kabati. Akuti ndi la alendo. Mlendo wake sitinamuonebe.

Lamlungu likubwerali Amayi akwanitsa chaka m'manda. Kudzakhala Misa, kenako tonse kumanda. Ndatsimikiza mtima: pofika tsikulo Atate afunde chofunda cha zigamba, chosokedwa ndi manja angawa kuchokera ku zitenge za Amayi. Chimenecho sangachisungire alendo. Ntchitoyi ndidaphunzira kwa asisitere ku Kasisi, miyezi itatu, ndipo pa gulu lonse ndinali ndekha amene ngodya za zigamba zinkakumana. Sikudzitama, ndikungolemba zoona.

Ndatsegula thiranki la Amayi. Fungo lawo! Sopo, utsi pang'ono, ndi mafuta aja a m'kabotolo kobiriwira. Ndakhala pansi kaye, ndalira, ndapukuta maso, ndawerenga. Zitenge 16.

Dongosolo:
– zigamba 5 pa chitenge chilichonse, zonse 80
– mizere 10, zigamba 8 pa mzere
– mkati, bulangete lakale lija
– kunsi, nsalu yoyera ya pabedi
– zikatsala zidutswa, mapilo awiri

Pa maliro amalume adati zovala za malemu zidzagawidwa nthawi ikakwana. Chaka chathunthu, zii. Munthu amene amaiwala chipewa chake m'tchalitchi sabata ndi sabata angakumbukire zitenge? Ndanola sizasi.

Lachiwiri

Kudula. Mmisiri sadula m'mphepete ngati wogulitsa nsalu pamsika, amasankha pokongola: duwa, mbalame, nkhope. Kakatoni ka ngodya zinayi pakati pa chitenge, choko, sizasi. Pofika masana zitenge zonse zili ndi mawindo asanuasanu, zigamba 80 zili ndandanda pa mphasa. Kukongola kwake!

Mavuto alipo atatu.

1. Chitenge cha Mayi Maria. Ndachita chizindikiro cha mtanda, ndadula mozungulira bwinobwino. Palibe chala chawo chimene chapita.
2. Chitenge cha kampeni, chimene Amayi adalandira ulere pa msonkhano chaka cha masankho. Nkhope ya bwanayo siikwana m'chigamba chimodzi. Diso kwina, mano kwina, tayi kwina.
3. Ndani akhale pafupi ndi ndani. Mayi Maria sangakhale kumapazi. Mano a bwana sangayandikane ndi Mayi Maria. Ndaika Mayi Maria pachifuwa, bwana kumapazi, pakati maluwa ndi nkhanga kuti asaonane.

Atate atulukira ndi ndodo yawo. Ayang'ana nthawi yaitali. Aloza chigamba cha nkhanga, akuti chitenge chimenecho Amayi adavala pa ubatizo wanga. Kenako: "Amalume ako aziba?"

Ndayankha kuti adzadziwa. Iwo angoti "Ehe," n'kubwerera kukaothera dzuwa. "Ehe" wa Atate ali ndi matanthauzo ambiri. Ndasankhapo labwino.

Madzulo. Mizere inayi yatha pa makina opalasa a Amayi. Lamba akulira monga ankalirira iwo akamasoka mayunifolomu athu. Ngodya zikukumana.

Lachitatu

Ndadzuka ndi mphamvu. Pofika masana mizere yonse khumi yalumikizana. Ndayanika pachingwe kuti ndione patali. Ndaima ndekha pabwalo, manja m'chiuno. Asisitere akanaona!

Amene aona ndi amayi aang'ono, mng'ono wa malemu, ochokera ku Nkomeshya. Afika masiku anayi tsiku lisanakwane, akuti adzakonze munkoyo, chakumwa cha alendo. Chofunda pachingwe, zitenge pampando. Sanatule ngakhale chikwama. Atenga chitenge cha buluu, achitambasula m'mwamba, andiyang'ana kudzera pa windo. Diso limodzi lokha. Sindidzaliiwala.

"Mwana wa akulu anga, wajuba vitenge vikalibe kugabiwa?"

Inde, ndadula zitenge zisanagawidwe. Zimene ndamva nditagwada:
– zovala zigawidwa Lamlungu lomweli, tikachoka kumanda
– aliyense akudziwa kupatula ine (adapangana pa maliro, ine ndili ku mapoto)
– cha buluu ndi cha nkhanga Amayi adawalonjeza ali moyo
– safunsa adadya phula

Ndafotokoza za chifuwa cha Atate. Akuti chifuwa ndi chifuwa, mwambo ndi mwambo. Kenako alira. Ndikanakonda kulira kwawo kukanakhala kwachinyengo, koma ayi, ndipo akalira mawu awo ndi a Amayi enieni. Ndapita kukatenga lezala.

Zigamba khumi za zitenge ziwirizo zinali apa ndi apo, ndiye kuti ndizitulutse ndamasula pafupifupi chofunda chonse. Zatsala 70. Mizere 10 ya zigamba 7. Atate ndi ochepa thupi, chiwakwana.

Lachinayi

Nkhani yauluka. Foni ya amayi aang'ono nthawi zonse ilibe tokotaimu, koma dzulo inapezeka nayo. Aginesi watumiza mauthenga a mawu asanu ndi awiri. Ndamvera woyamba: "Sisi, chija cha pa kicheni pate yanga osachigwira." Chitenge cha phwando lake lokonzekera ukwati ndidachigwira Lachiwiri. Akufunanso chachikasu, akuti adachigula ndi iye. Zigamba khumi zina, kunja.

Dzuwa litakwera pang'ono, afika amayi atatu a bungwe la kutchalitchi limene Amayi ankalowa. Yunifolomu yonse, nsapato zoyera. Tayamba ndi pemphero, ndipo pemphero likatalika ndimadziwa kuti nkhani yake ndi yolemera.

Akuti chitenge cha bungwe sichifundidwa ndi mwamuna, ngakhale wamasiye. Chimabwerera ku bungwe, kapena chimapita kwa mwana wamkazi ngati walowa. Andiyang'ana onse atatu. Zaka zonsezi akundikopa, lero apeza polowera. Ndayang'ana pansi.

Cha Mayi Maria nachonso ayi: munthu wogona sadziwa kumutu ndi kumapazi. Ndati ndisokapo chizindikiro. Akuti sizingathandize, Atate amatembenuza bulangete m'tulo, Amayi ankadandaula pa misonkhano. Kodi n'chiyani chinanso chimene Amayi ankanena pa misonkhano?

Zatsala 50. Kusokanso, kachitatu. Zigamba 5 pa mzere. Ndayesa pabedi pa Atate: akagona chagada osagwedezeka, manja m'mbali, chiwakwana. Bwana wa kampeni wakwera, mano ake afika pamimba.

Atate asisita nsalu ndi chikhatho. "Ni chabwino, mwana wanga." Atsokomola mpaka kugwira chitseko. Ndawaphikira madzi a mandimu. Mantha andigwira lero, sindibisa. Chifuwa cha Amayi chidayamba chonchi.

Lachisanu

Amalume. Chipewa sanaiwale.

Akhala pansi pa mango, aitanitsa thiranki, zitenge, chofunda, ndi ine. Ayang'ana mawindo limodzi limodzi, onse 80, osafulumira. Pena alowetsa dzanja. Sanakalipe. Bola akanakalipa!

Akuti kugawa zovala si kulanda chuma. Ndi kumasula nyumba. Chovala chikapita ndi m'bale, chisoni chimagawikana, wamasiye amapumako. Kumufunditsa zovala zosagawidwa ndiye kumumangirira kwa malemu, ndipo munthu womangiriridwa sachedwa kutsatira. Amayi aang'ono akuvomereza ndi mutu pa liwu lililonse. Ine ndagwada mpaka mawondo achita dzanzi.

Chigamulo:
1. chigamba chilichonse chibwerere pa windo lake
2. wobwezera ndi amene adadula
3. zithe Misa isanayambe
4. nkhuku imodzi yopepesera abale a Amayi (yadyedwa kale, inali yoikira mazira)

Ndafunsa mwaulemu ngati ndingasiyeko zigamba zinayi zokha, za pilo. "Ukalandila gawo yako uzachita vamene ufuna. Manje ukalibe kulandila."

Atate nthawi yonseyi akulemba pansi ndi ndodo. Amalume awafunsa ngati ali ndi mawu. Akuti alibe.

Ndamasula chonse. Ngodya zanga zokumana bwino zija, imodzi imodzi, ndi lezala. Pampando patsala bulangete lakale ndi nsalu yoyera. Ulusi wodukaduka ndasesa wadzaza dzanja. Ndakwiya, koma sindikudziwa ndakwiyira ndani. Amalume akunena zoona, ndipo choipa chake n'chimenecho.

Loweruka

Izi asisitere sanatiphunzitse. Chigamba sichibwerera pa windo lake! Msoko umadya nsalu uku ndi uku, ndiye chigamba chachepa, windo lakula. Ndikuika kansalu kunsi n'kusoka kawiri. Chitenge chilichonse chikutuluka chokwinyika ngati chipumi cha amalume.

Zochitika mpaka masana:
– singano ziwiri zathyoka
– lamba wa makina waduka, ndamanga ndi waya
– nkhanga imodzi yabwerera miyendo m'mwamba, ikhala choncho
– duwa la chitenge chofiira lapezeka pa chobiriwira, amayi aang'ono aliona ali uko ku migolo ya munkoyo
– bwana wa kampeni wabwerera, koma diso lina likuyang'ana ku Chongwe, lina ku Lusaka

Abale akufika magulumagulu, a ku Chalimbana, a ku Nkomeshya, ena sindikuwadziwa n'komwe. Aliyense akudutsa pakhonde kudzaona "uja anajuba". Moni wake wautali, maso ali pa zitenge. Agogo ena andisisita paphewa, akuti madzi akatayika saoleka. Ine ndikuwaola, agogo, ndi singano.

Aginesi wafika ndi magalasi akuda. Wanyamula chitenge chake cha kicheni pate, wachiyang'ana, wandiyang'ana. Ndakonzekera mauthenga asanu ndi umodzi amene sindinamvere aja. Iye wavula magalasi, wakhala pa mphasa, watenga singano. Misoko yake mbuzi ingadutsepo. Tasoka tikukumbutsana: ichi adavala potiperekeza ku sekondale, ichi adaberekera mwana wa Aginesi, ichi adatikwapula nacho titaba mtedza wa mbewu. Taseka, kenako tasiya kuseka.

Dzuwa likulowa, zitenge 16 zili mulu, zopinda. Zala zatupa.

Bulangete la alendo latuluka m'pulasitiki. Afunda amalume.

Lamlungu

Misa. Dzina la Amayi latchulidwa. Kumanda maluwa, nyimbo, mphepo yozizira. Atate aima osatsamira munthu.

Kunyumba, mphasa pabwalo. Amalume awaza madzi odalitsidwa pa zovala, ayamba kuitana mayina. Aliyense akugwada polandira. Amayi aang'ono amanga cha buluu pomwepo, chigamba chili pa chiuno, sakuchibisa. A bungwe atenga zawo ziwiri, andikumbutsa kuti misonkhano ndi Lachinayi. Aginesi zake ziwiri. Gawo langa: bwana wa kampeni. Ndalandira ndi manja awiri.

Pomaliza amalume afunsa Atate pamaso pa onse ngati m'nyumba mwatsala chovala china cha malemu.

"Kulibe, mulamu."

Mwambo watha. Nyumba yamasulidwa. Munkoyo, mpunga, kutsanzikana. Amalume anyamuka, chipewa chatsala pa mango.

Masana anthu atabalalika, Atate andiitanira kuchipinda. Atseka chitseko. Akweza matiresi kumutu. Chitenge chofiirira, chothetheka, chopsa pangodya imodzi, chimene Amayi ankavala kumunda ndi pophika. M'thiranki munalibe, ndipo ine mmisiri wosankha pokongola sindinachikumbukire n'komwe. Chaka chonse chili pamenepo, chosachapa. Munthu walandira Ukaristiya m'mawa, masana wanama pamaso pa mlamu wake osaphethira.

"Unisokele pa pilo yanga. Koma osajuba."

Ndachikulunga pa pilo, ndapinda chotsala mkati, ndasoka ndi manja. Palibe patani, palibe ngodya, msoko umodzi woongoka umene mwana wa giredi 3 angasoke. Wanditengera nthawi chifukwa maso sakuona bwino singano. Atate akhala pabedi kundiyang'anira mpaka mfundo yomaliza, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Zotsala:
– chofunda, palibe
– mapilo, imodzi
– chisanu, chilipo
– chifuwa, chilipo. Mawa tipita ku kiliniki, afune asafune

Atsamira, atembenukira kukhoma, dzuwa likadalipo. Ndawafunditsa lakale lija, ndawonjeza langa pamwamba. Sanakane.

Mwina amalume akunena zoona, mwina ndawamangirira Atate ndi ulusi wangawu. Sindikudziwa. Chipewa chawo ndiwatumizira mawa, koma za piloyi sadzamva kwa ine.